Ndalama za Kopaletivi Zikapanda Kulondoleka: Poyambira Kufufuza ndi Mipata Yoyenera Kutseka

Vutoli limakonda kutulukira nthawi imodzimodzi chaka chilichonse. Msonkhano waukulu wa pachaka wayandikira, mamembala akudikira kumva za bonasi ya soya kapena mtedza womwe anapereka, koma buku la a msungichuma likunena zake, sitetimenti ya ku banki ikunena zake, ndipo m'nyumba yosungira mbewu muli matumba ochepa kusiyana ndi omwe analembedwa. Msonkhano umasinthidwa tsiku, kenako umasinthidwanso. Podzafika pa mwezi wachitatu, m'mudzi monse mwamveka kuti "a bodi adya ndalama", ndipo mamembala ayamba kugulitsa mbewu zawo kwa mavenda mwakachetechete.

Nthawi zina ndalama zimakhala zadyedwadi. Koma musanaloze munthu chala, dziwani kuti gawo lalikulu la kusiyanako limachokera ku zinthu zodziwika bwino, zomwe anthu atatu atakhala pa tebulo limodzi angathe kuzipeza tsiku limodzi. Komanso ngakhale pomwe pali kuba, gwero lake limakhala limodzi pafupifupi kulikonse: munthu mmodzi yemweyo akulandira ndalama, akuzisunga, akuzilemba m'buku, ndipo palibe wina amene amaonanso zomwe walembazo.

Tsiku loyamba: werengani zomwe zilipo

Osayamba ndi msonkhano wa mamembala onse. Yambani ndi kuwerenga. Komiti yoyang'anira, yomwe imasankhidwa ndi mamembala ndipo siili pansi pa bodi, ndiyo iyenera kutsogolera. Pakhale a msungichuma, manijala kapena kalaliki ngati alipo, ndi mamembala awiri a komitiyo. Tsiku limenelo pasatuluke ndalama kapena thumba lililonse.

Werengani ndalama za m'bokosi, mapepala a K5,000 paokha, a K2,000 paokha, mpaka ndalama zachitsulo, mulembe pa pepala limodzi ndipo onse asayine. Tikapepala ta "ndabwereka, ndibweza Lachisanu" tomwe timapezeka m'bokosimo si ndalama ayi. Tilembeni padera, ndi dzina ndi tsiku. Kenako funsani balansi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba pa foni pomwepo onse akuona. Sitetimenti ya ku banki ikatengedwe ku banki ndi munthu wa komiti yoyang'anira limodzi ndi wosayinira mmodzi. Fotokope yobwera ndi munthu yemweyo amene mabuku ake akuunikidwa siyokwanira, ngakhale munthuyo akhale mkulu wa mpingo. Pomaliza sonkhanitsani mabuku onse a marisiti, ogwiritsidwa ntchito ndi osagwiritsidwa ntchito omwe, mavawucha, zitsa za macheke ndi buku la maminitsi.

Buku ndi banki zikusiyana

Kusiyana kwa kashibuku (buku la ndalama zolowa ndi zotuluka) ndi sitetimenti pakokha si umboni wa kanthu. Ziwirizi sizifanana kawirikawiri, chifukwa banki imadula ndalama zomwe inu simunazidziwe, ndipo inu mumalemba zinthu zomwe sizinafike ku banki. Ntchito ndi yozigwirizanitsa mzere ndi mzere, pensulo ili m'manja, kuchonga chilichonse chomwe chikupezeka mbali zonse ziwiri. Zotsala zosachongedwa ndizo mukuzifuna.

Tiyerekeze kuti pa 30 Juni kashibuku ikuti ku banki kuli K4,850,000, pomwe sitetimenti ikuti K4,212,500. Zasiyana ndi K637,500, ndalama yokwanira kudanitsa mudzi. Mukachonga, mukupeza kuti banki inadula K37,500 ya machaji pa miyezi itatu ndipo palibe amene analemba. Mukupezanso kuti kampani yomwe inagula soya inachotsa K300,000 ya msonkho wa withholding tax isanalipire, koma a msungichuma analemba ndalama yonse ya pa invoisi ngati yalowa. Zonse ziwiri zichotseni m'buku, mutsala ndi K4,512,500. Mbali ya banki, pali K450,000 yomwe inakaikidwa madzulo a pa 30 koma inaoneka pa sitetimenti ya Julayi, iwonjezeni. Palinso cheke cha K250,000 chomwe munapatsa wogulitsa matumba koma sanakachitape, chichotseni. Mutsala ndi K4,412,500. Tsopano kusiyana kwenikweni ndi K100,000 yokha.

Pamenepa pali njira ziwiri zachidule zomwe osunga mabuku amazidziwa. Yoyamba, gawani ndalamayo pawiri n'kufufuza ngati pali K50,000 penapake. Mukaipeza, onani ngati sinalembedwe mbali yolakwika: ndalama yolipira lole ikalembedwa ku zolowa m'malo mwa ku zotuluka, buku limasokonekera kawiri, ndiye K50,000 imaoneka ngati K100,000. Yachiwiri, ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, mwina manambala anatembenuzidwa polemba, monga K54,000 kulembedwa K45,000. Zikakanika zonsezi, ndiye muli ndi ndalama yosowadi, ndipo mukudziwa kukula kwake.

Za msonkho zija musazisiye choncho. Wogula akadula withholding tax ayenera kupereka satifiketi yosonyeza kuti ndalamayo yapita ku MRA, bungwe la boma lotolera misonkho, m'dzina la kopaletivi. Satifiketiyo ndiyo umboni wanu kwa mamembala komanso kwa odita. Popanda iyo, mawu oti "anadula msonkho" angathe kubisa chilichonse.

Kugwirizanitsa kumeneku kukamachitika mwezi uliwonse kumatenga ola limodzi. Kukadikira chaka kumatenga sabata, ndipo anthu amakhala ataiwala kale kuti cheke chakuti chinali cha chiyani. Wogwira ntchitoyi akhale munthu amene sasayinira ku banki.

Matumba akuchepa m'nyumba yosungira mbewu

Apa ndi pomwe makopaletivi a alimi amataya ndalama zambiri, ndipo ndi pomwenso anthu osalakwa amanamiziridwa kwambiri. Pali zinthu zitatu zoti muone, motsatana.

Choyamba ndi chinyezi. Mbewu yogulidwa m'mwezi wa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi imakhala isanaumitsitse, ndipo madzi nawo amalemera pa sikelo. Mawerengedwe ake ndi awa. Mwagula makilogalamu 10,000 a chimanga chomwe chinyezi chake ndi 16 peresenti. Chimanga chenicheni mmenemo ndi 84 peresenti. Chikauma kufika pa 13 peresenti, pomwe chimasungika bwino, kulemera kwake kumakhala 10,000 kuchulukitsa ndi 84, kugawa ndi 87, zomwe zikupereka makilogalamu 9,655. Makilogalamu 345 apita mumphepo, pafupifupi matumba asanu ndi awiri a makilogalamu 50, popanda wakuba aliyense. Koma ndalama yake munalipira. Njira yake ndi kukhala ndi kamakina koyezera chinyezi pamalo ogulira, kulemba chinyezicho pa risiti ya membala aliyense, ndi kugwirizana pa msonkhano waukulu kuti mbewu yopitirira mlingo wakuti ibwezedwa kukaumitsidwa kapena idulidwa makilogalamu akuti. Kuluma njere ndi mano kumathandiza mlimi kunyumba, koma sikungalembedwe m'buku. Ndipo dziwani kuti chinyezi chili ndi malire ake. Kalaliki akanena kuti matumba 30 mwa 200 anauma, masamu omwewa akumutsutsa.

Chachiwiri ndi sikelo. Sikelo yowonjezera theka la kilogalamu pa thumba lililonse imataya makilogalamu 200 pa matumba 400. Koma yoopsa kwambiri ndi yomwe imachepetsa. Imeneyo imabera membala, ndipo m'nyumba yosungiramo mumatsala mbewu yomwe siili m'buku lililonse. Mbewu yopanda mwini imeneyi ndi yomwe imatuluka usiku, buku n'kumaonekabe loyera. Choncho mukawerenga matumba n'kupeza kuti achuluka kuposa m'buku, musasangalale, fufuzani ngati mmene mukanafufuzira atachepa. Sikelo yogulira ndi kugulitsira iyenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards nyengo yogula isanayambe. Kuwonjezera apo, sungani chitsulo kapena chinthu china chomwe kulemera kwake mukukudziwa bwino, muzichiika pa sikelo m'mawa uliwonse mamembala awiri akuona. Yesaninso matumba khumi opanda kanthu kuti mudziwe kulemera kwa thumba limodzi, muzichotsera aliyense mofanana.

Chachitatu ndi mapepala. Thumba lililonse lolowa likhale ndi risiti yokhala ndi nambala, ya makope atatu: ya membala, ya ku ofesi, ndi yotsala m'buku. Thumba lililonse lotuluka likhale ndi chikalata chosayinidwa ndi manijala, wosunga nyumbayo ndi dalaivala, cholembedwa nambala ya galimoto. Mbewu yopetedwa, yofumbwa kapena yonyowa ndi denga lodontha isangochotsedwa m'buku ndi munthu mmodzi. Ionedwe ndi komiti, iyesedwe, ilembedwe m'maminitsi, ndipo ngati yagulitsidwa kwa oweta nkhumba, ndalama yake ilowe ndi risiti. Pa chitseko pakhale maloko awiri, makiyi ake kwa anthu awiri osiyana omwe si apachibale. Sanjani matumba mizere yofanana, mwachitsanzo khumi m'litali, asanu m'lifupi, kuti aliyense athe kuwerenga popanda kugwetsa mulu. Mulu wosanjidwa bwino kunja ungathe kukhala ndi dzenje pakati, ndiye wina akwere pamwamba.

Ndalama za pa foni

Masiku ano mpata waukulu uli apa. Mamembala amatumiza ndalama za masheya kapena zobweza ngongole ku nambala ya a msungichuma, nambala yomweyo yomwe amagulira mayunitsi a magetsi ndi kutumizira ana fizi. Ngakhale munthu wokhulupirika sangathe kulekanitsa ndalama zosakanikirana chonchi pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Kopaletivi yolembetsedwa ili ndi satifiketi yake, ndiye ipite nayo kwa kampani ya foni kukatsegula akaunti m'dzina la kopaletivi. Ndalama iliyonse yolowa pa foni ilembedwe risiti tsiku lomwelo, ndi nambala ya uthenga wotsimikiza ija pa risitipo. Machaji otapira ndi otumizira azilembedwa ngati zotuluka, chifukwa akaunjikana amafanana ndi ndalama yosowa. Gwirizanani mlingo, kuti ndalama za pa foni zikapitirira pakuti zipite ku banki pasanathe masiku awiri. Mauthenga a pa foni amafufutika, choncho mwezi uliwonse pemphani sitetimenti.

Marisiti, mavawucha ndi macheke

Tsegulani buku la marisiti n'kuwerenga manambala motsatana. Nambala yosowa ndi funso loyenera kuyankhidwa. Risiti yolakwika sing'ambidwa, imadulidwa mzere n'kulembedwa kuti yathetsedwa, makope onse atatu n'kutsala m'bukumo. Onaninso ngati kope yotsala inalembedwa ndi kaboni kapena ndi bolopeni. Ikakhala ya bolopeni, ndiye kuti ya membala inalembedwa payokha, ndipo mwina ndalama zake ndi zosiyana. Sankhani mamembala khumi mwachisawawa, apempheni abweretse marisiti awo, muyerekeze. Mabuku a marisiti osagwiritsidwa ntchito asungidwe ndi munthu amene salandira ndalama, ndipo latsopano lisatuluke lakale lisanabwezedwe.

Palinso chizolowezi chofala chomwe chimaoneka ngati chothandiza. Munthu walandira K200,000 ya masheya, pabwera wofuna kulipidwa K60,000 ya ganyu yonyamula matumba, amupatsa kuchoka m'ndalama yomweyo, ku banki kupita K140,000. Marisiti akuti 200, banki ikuti 140, ndipo vawucha inaiwalika. Ndalama zonse zolandira zizipita ku banki zathunthu. Zolipira zing'onozing'ono zizichokera m'kathumba kapadera ka ndalama yokhazikika, mwachitsanzo K100,000, komwe kamadzazidwanso pokhapokha mavawucha a zomwe zagwiritsidwa ntchito aonetsedwa. Nthawi iliyonse, ndalama yotsala kuphatikiza mavawucha ziyenera kukwana K100,000 ndendende.

Ku banki, osayinira akhale atatu, awiri mwa iwo azisayina limodzi. Koma lamulo limeneli limafa tsiku lomwe a Pampando asayina macheke opanda kanthu chifukwa akupita ku maliro kapena amakhala kutali ndi boma. Kuyambira pamenepo akaunti ili m'manja mwa munthu mmodzi. Wosayina aliyense aone kaye vawucha, invoisi ndi mzere wa m'maminitsi kapena wa mu bajeti wololeza kugulako. Vawucha ikalipidwa idindidwe kuti yalipidwa, pamodzi ndi invoisi yake, kuti isadzabwerenso mwezi wamawa. Bodi ikasintha, sinthani osayinira ku banki sabata yomweyo. Makopaletivi ena amakhala chaka chathunthu akudalira wapampando wakale yemwe anagonja pa chisankho.

Ngongole ndi maalawansi a a bodi

Ndalama zikamasowa koma mabuku akugwirizana, yang'anani ngongole. Lembani mayina a onse omwe ali ndi ngongole ya mbewu, feteleza kapena ndalama, ndi tsiku lomwe anayenera kubweza, muwaike m'magulu: ochedwa mwezi umodzi, miyezi itatu, chaka. Kawirikawiri pamwamba pa ndandanda wa ochedwa pamakhala mayina a atsogoleri ndi abale awo, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amalondola enawo. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, choncho chingwe chake chiyenera kukhala m'malamulo a kopaletivi: wa bodi akafuna ngongole atuluke m'chipinda pokambirana, ngongole yake idutse njira yomweyo ya membala wamba, ndipo wa bodi amene wachedwa kubweza kupitirira nthawi yoikika atule pansi udindo. Chimodzimodzi wa bodi amene ali ndi lole kapena golosale yomwe kopaletivi ikufuna kuchita nayo malonda. Aulule, zilembedwe m'maminitsi, pakhale makotesheni atatu, ndipo asavote nawo.

Maalawansi ndi nkhani yaifupi. Mlingo wake uikidwe ndi msonkhano waukulu, osati ndi olandirawo. Kuchuluka kwa misonkhano ya bodi pa chaka kukhale m'bajeti. Msonkhano wopanda maminitsi ndi ndandanda wosayinidwa wa obwera ulibe alawansi.

Bonasi yogawidwa phindu kulibe

Mamembala ambiri amaona ndalama ili ku banki n'kuganiza kuti ndi phindu. M'ndalama imeneyo muli masheya awo, ngongole ya ku banki kapena ya pulojekiti, ndi ndalama za mamembala omwe sanalipidwe mbewu zawo. Bodi yoopa kukuwizidwa imagawa, chaka chotsatira kopaletivi ilibe ndalama yogulira mbewu, ndipo anthu amati zabedwa. Phindu limadziwika pokhapokha mabuku atsekedwa ndi kuunikidwa ndi odita. Pa phindulo pamayamba pachotsedwa gawo la thumba losungira lomwe lamulo ndi malamulo anu amanena, kenako msonkhano waukulu ndi womwe umagamula za zotsalazo. Siyanitsaninso zinthu ziwiri: phindu la pa masheya, lomwe limatsata kuchuluka kwa masheya a munthu, ndi bonasi, yomwe imatsata kuchuluka kwa mbewu yomwe munthu anagulitsa kudzera ku kopaletivi. Zonsezi zimafuna kaundula wa mamembala wolondola. Phatikizani masheya a membala aliyense m'kaundulamo, ndipo chiwerengerocho chifanane ndi cha m'mabuku a ndalama. Pa voti, mfundo yomwe makopaletivi a dziko lonse anagwirizana mu 1995 ku Manchester ndi yomveka: m'kopaletivi ya anthu wamba, membala mmodzi ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya awiri kaya mazana awiri.

Komiti yoyang'anira ikamagona

Zonse tafotokozazi zimadalira komiti imeneyi, koma pa chisankho ndi yomwe imasankhidwa pomaliza, anthu atatopa, n'kuikamo aliyense amene watsala. Ena amaiona ngati malo opumulirako okalamba aulemu. Ikanimo anthu odziwa kuwerengera, opanda chibale ndi a bodi kapena manijala, ndipo muwapatse kandalama ka thiransipoti m'bajeti kuti asamapemphe kwa anthu omwe akuwaunika. Lipoti lawo liziwerengedwa ndi iwo eni pamaso pa mamembala, osadzera kwa a Pampando. Kawiri kapena katatu pa chaka azifika osanena, kuwerenga bokosi ndi matumba. A msungichuma abwino sakwiya nazo, chifukwa pepala losayinidwa lija ndi lomwe lidzawateteze tsiku lomwe mphekesera zidzayambe. Ndipo pepala limodzi la zolowa, zotuluka, balansi ya ku banki ndi matumba otsala lizimatidwa pa chitseko cha ofesi mwezi uliwonse, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi cha odita.

Zikapezeka kuti ndalama yabedwadi

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musamutchule munthu wakuba pa msonkhano, chifukwa mlandu ungathe kukutembenukirani. Mulembereni kalata yofotokoza ndalama yosowayo, tsiku lake ndi mapepala okhudzidwa, mum'patse masiku oti ayankhe molemba. Pomwe akuyankha, achoke kaye pa ndalama, makiyi ndi ku banki. Mapepala enieni atsekeredwe, inu muzigwiritsa ntchito mafotokope. Akavomera n'kulonjeza kubweza, pakhale pangano lolemba la ndalama ndi masiku, losayinidwa pamaso pa mboni, ndipo mamembala auzidwe. Kupepesa kwa pakamwa pamaso pa amfumu sikulowa m'kashibuku.

Makopaletivi m'Malawi amalembetsedwa ndi kuyendetsedwa motsatira lamulo la Cooperative Societies Act la 1998. Lamuloli limafuna kuti mabuku aziunikidwa chaka chilichonse, ndipo limapatsa Registrar wa makopaletivi, yemwe ofesi yake ili ku unduna woona za malonda, mphamvu yofufuza momwe kopaletivi ikuyendera komanso yoweruza mikangano ya pakati pa kopaletivi ndi mamembala kapena atsogoleri ake. Khomo lapafupi ndi ofesala wa zamalonda ku khonsolo ya boma lanu. Ngati muli SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, njira ndi ina: lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 linaika ma SACCO m'manja mwa Registrar wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, ndipo bungwe la MUSCCO, lomwe linayamba mu 1980, limathandiza ma SACCO omwe ndi mamembala ake pa maphunziro ndi kasungidwe ka mabuku. Pomwe pali siginecha zabodza kapena marisiti opeka, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, makamaka nthambi ya Fiscal yomwe imaona za chinyengo cha ndalama.

Bodi ikamakana kuitanitsa msonkhano, tsegulani malamulo a kopaletivi yanu pa ndime ya msonkhano wapadera. Mupezamo chiwerengero cha mamembala omwe akasayina pempho, msonkhano uyenera kuitanidwa, ndi masiku a chidziwitso. Sonkhanitsani masiginecha a mamembala okhawo omwe ali m'kaundula ndipo analipira zonse, lembani mutu wa zokambirana momveka, perekani kalatayo kwa mlembi n'kumusayinitsa pa kope yanu, ndipo kope ina ipite ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo tsiku lomwelo.